Masiketi a Kwaya ndi Chilembo L

Unit C, Seke
Lamulungu masana

Limbani,

Ndikukulembera kalata ngakhale tikugona denga limodzi, chifukwa dzulo nditayamba kulankhula unandiyankha m'Chishona utatsamira chitseko, kenaka n'kutuluka ndisanamalize. Uwerenge kalata yonseyi. Ndalemba m'Chichewa mwadala, ndipo ngati chikuchedwetse, chikuchedwetse. Sitima yako ya ku Bulawayo inyamuka mawa madzulo, ndiye nthawi yowerenga uli nayo.

Ndakwiya, mwana wanga. Usaganize kuti ndi mkwiyo wa bambo amene akubisa misozi poti mwana wake akupita ku koleji. Misoziyo ibwera nthawi yake. Lero ndakwiya chifukwa munthu wosalakwa akukachititsidwa manyazi mawa m'mawa pamaso pa msika wonse wa Makoni, ndipo iwe ukudziwa chifukwa chake koma uli chete, ukupukuta nsapato za paulendo.

Ndiyambe ndi zimene zachitika, monga ndikuzidziwira, kuti usadzanene kuti ndinathiramo mchere. Amayi a kwaya ya mpingo wathu, amayi ako ali momwemo, anagula nsalu ya yunifolomu yatsopano, siketi yobiriwira ndi bulauzi yoyera ya manja aatali. Telala wawo ndi Che Asani, amene amasoka pakhonde la sitolo ku Makoni. Amayi a mpingo sangaime kuti mwamuna awazungulize tepi m'chiuno, choncho anayezana okhaokha m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mtsogoleri wawo Mayi Nyirenda akulemba m'kabuku. Kabukuko kanali kofufutafufuta. Iwe unadzipereka wekha. Unati ukalowetsa miyeso yonse mu kompyuta ya kufakitale kwathu, kompyutayo iwonjezere yokha za msoko ndi mpendero, patuluke pepala loyera. Ine ndinanyada. Ndinakupemphera chilolezo kwa bwana, ndinakutsegulira ofesi Loweruka kawiri, ndipo sindinayang'ane pulogalamu yako chifukwa unati sufuna munthu wokuimira kumbuyo. Pamenepo ndinalakwa ine, ndipo ndikuvomera.

Dzulo amayi a kwaya anakayesa zovala zawo. Amayi ako anabwerako atakulunga chitenje pamwamba pa siketi, n'kuchimasula pabalaza kuti ndione. Siketi inalekeza pamwamba pa mawondo.

"Bambo a Limbani, taonani," anatero. "Kodi ndikaimbe m'tchalitchi kapena ku bawa?"

Iwe unaseka, ndinakumva uli kukhitchini.

Ndiye lero titatuluka m'mapemphero Mayi Nyirenda anaima pamasitepe, siketi yawo ataikweza m'mwamba ngati mbendera. "Msilamu uja wachita dala," anatero. "Akufuna tikaime maliseche pamaso pa Mulungu wathu. Mawa m'mawa tonse ku Makoni, a Unit C ndi a Nyatsime omwe. Tikamutayira masiketi ake pamakina, anthu aone utelala wake." Amayi onse anavomera. Iwe unali pomwepo, manja m'thumba. Ndinakuyang'ana, iwe n'kuyang'ana kumsewu.

Ine ndinali nditadziwa kale. Dzulo masana ndinapeza pepala la pulogalamu yako pansi pa bedi, utakulungira nsapato zakale. Ndinaliwongola pathebulo ndi kuliyenda ndi pensulo mzere ndi mzere, monga ndakhala ndikukuuza chiyambire, ndipo cholakwa ndinachipeza tiyi asanazizire.

Pamwamba pa pulogalamu yako unalemba VAR L. Unatenga kabokosi kosungira nambala, kamene pantchito yathu timati variable, n'kukatcha L, n'kuikamo utali wa siketi. Poti unakalembetsa pamwamba penipeni, kabokosiko ndi global, ndiye kuti kali pabwalo, ndipo gawo lililonse la pulogalamu likhoza kukatsegula. Kenaka unalemba procedure yowerengera mkono wa bulauzi, kagawo ka pulogalamu kokhala ngati chipinda chakechake. M'menemo unafunanso kabokosi ka utali, ndipo unangolemba L osakalembetsa ndi VAR m'kati mwa procedure. Iwe unkaganiza kuti watenga kabokosi katsopano ka m'chipindamo, kamene timati local. Kompyuta siinaganize choncho. Inafunafuna L m'chipinda, sinampeze, inatuluka pabwalo, inapeza L wa siketi, inakhuthula zimene zinalimo ndi kuthiramo utali wa mkono. Pobwerera kukasindikiza siketi, inasindikiza zimene inapeza m'kabokosimo. Siketi ya amayi ako ndi mainchesi 33, koma papepala lako palembedwa 23, umene ndi utali wa mkono wawo kuchokera paphewa kufika padzanja. Mayi aliyense wa kwaya wasokeredwa siketi yotalika ngati mkono wake.

Ukukumbukira ndowa ya pampopi? Tsiku lija amayi ako anatunga madzi oyera n'kuwasiya panja, loja wathu, wochita lendi chipinda cha kuseri, anabwera, anatsukiramo matemba, n'kubwezera ndowa pamalo pake. Amayi ako anaviikamo malaya anga oyera. Ndowa inali yomweyo ndipo inali pamalo pomwepo, koma madzi anali ena. Loja sanabe kanthu, anangogwiritsa ntchito chimene chinali pabwalo. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ali ndi ndowa yake m'chipinda mwake, ndipo ya pampopi timaiyang'ana kaye tisanaviikemo chinthu. Unali ndi zaka khumi, ndipo unaseka mpaka kugwa pansi poona ndikupita kuntchito ndikununkha nsomba. Phunziro lake silinakulowe.

Cholakwa chimenechi sindicho chandikwiyitsa. Aliyense amene anagwirapo kompyuta anachichitapo. Chandikwiyitsa ndi chimene unachita pamene munthu anakuchenjeza. Amayi ako andiuza kuti tsiku limene unakapereka pepala, Che Asani analiyang'ana, anavula magalasi, anawavalanso, ndipo anati, "Mwanangu, amayi a mpingo savala siketi yotere. Pita ukafunsenso." Iwo sanawayezepo amayiwo ndi tepi, anali ndi pepala lako lokha ndi zaka makumi atatu za lumo m'manja. Iwe unawayankha kuti, "Kombiyuta haikanganisi, Sekuru." Unauza munthu wa imvi kuti kompyuta silakwitsa, iye n'kudula nsalu ya kwaya yonse pa mawu akowo. Dzulo nditakuonetsa mzere wolakwa unati, "Hazvinei neni, Baba," kuti sizikukukhudza, wodula ndi iwo. Mawu amenewa ndagona nawo ndipo ndadzuka nawo.

Ndikuuze za ine, kuti usaganize kuti ukulankhula ndi munthu amene sanapunthwepo.

Ndili ku koleji, likulu la dziko lino likadali ndi dzina lake lakale, tinkaphunzira chilankhulo cha kompyuta chotchedwa BASIC pa makina osindikiza papepala lokulunga ngati la m'sitolo. Mu BASIC ya masiku amenewo munalibe zipinda, kabokosi kalikonse kanali ka pabwalo. Ndinalemba pulogalamu yozungulira maulendo makumi awiri, yowerengera maulendowo ndi chilembo I. M'kati mwake ndinkatuma kagawo kena kuti kajambule mzere wa nyenyezi zisanu, ndipo nakonso ndinakapatsa I, poti buku lililonse linkagwiritsa ntchito I. Kagawoko kakamaliza kankasiya I ali pa sikisi. Pulogalamu yaikulu inkawonjezera imodzi, n'kutumanso kagawo, kagawo n'kumubwezanso pa sikisi, ndipo I sanafike pa makumi awiri. Ine ndinali nditapita kukamwa madzi. Pobwera ndinapeza pepala la kalasi yonse lili mulu pansi, makina akulirabe, anzanga akuseka. Mphunzitsi sanakalipe. Anandipatsa mpando, n'kundiuza kuti ndikulunge pepala lonselo ndi manja kuti ena alembe kuseri kwake. Ndinakulunga mpaka basi yomaliza ya masana inandisiya. Limbani, dzina lililonse m'pulogalamu lizidziwika kwawo. Usanalembe chilembo uzidzifunsa kuti chikukhala kuti, ndipo ndani wina angachikhudze.

Patapita zaka, kufakitale atabweretsa Pascal, chilankhulo cha kompyuta chokhala ndi zipinda, ndinalakwa mbali inayo. Ndinali nditaopa kwambiri za pabwalo moti chilichonse ndinkachitsekera m'chipinda. Anandituma pulogalamu yowerengera mabatani otsala m'nyumba yosungira katundu. Pamwamba ndinalembetsa kabokosi ka chiwerengero chonse. M'kati mwa procedure yophatikiza ndinalembetsanso kena ka dzina lomwelo. Procedure inaphatikiza bwinobwino, koma inkathira m'kabokosi ka m'chipinda, ndipo ka m'chipinda kamafa procedure ikatha. Ka pabwalo kanakhala kopanda kanthu. Pepala linatuluka likunena kuti fakitale yonse ilibe batani ndi limodzi lomwe, pamene ine ndinali nditakhalira katoni ya mabatani. Mwayi wake ndinaliona ndekha lisanapite kwa bwana. Ndiye usamve ngati ndikuti uzingotsekera zonse m'chipinda basi. Chimene chipinda chikufuna, uzichipatsa pakhomo, m'mabulaketi a procedure. Chimene chipinda chapanga, chizituluka nacho pakhomo pomwepo, poyera, ngati function kapena ngati VAR ya m'mabulaketi, osalowera kapena kutulukira pazenera. Ukapatsa mabokosi awiri dzina limodzi, lina pabwalo lina m'chipinda, la m'chipinda limaphimba linzake, ndipo iwe udzalumbira kuti wathira pabwalo pamene sunathire.

Pulogalamu yakoyi kuikonza n'kosavuta, ndipo zimenezi zikundiwawa kwambiri. Pansi pa mzere wa PROCEDURE ulembe VAR ndi dzina la kabokosi ka mkono. Usalitchenso L. Ulitche UtaliWaMkono, ndipo la pamwamba ulitche UtaliWaSiketi. Zala sizithyoka polemba dzina lalitali, ndipo ukadatero poyamba, maso ako omwe akadakana kuthira mkono m'siketi. Muyeso wa mkono uupereke m'mabulaketi. Ukamayesa, usindikize zimene zili m'kabokosi ka pabwalo usanaitane procedure, usindikizenso ikabwerako. Zikasiyana iwe usanafune, ndiye kuti wina watsukira matemba m'ndowa yako. Ndipo usanapereke pepala kwa munthu, uyese ndi chinthu chimene ukuchidziwa. Siketi yakale ya amayi ako inali pa waya tsiku limenelo, tepi inali m'dilowa. Ukadangoyeza siketi imodzi n'kuyerekeza ndi pepala lako, bwenzi lero ndikukulembera za mabulangete ndi kuzizira kwa ku Bulawayo.

Ku koleji ukapeza anzako okonda kuika mabokosi onse pamwamba chifukwa n'kofulumira, ndipo pulogalamu zawo zidzayenda pa tsiku la mayeso. Usawatsanzire. Zimayenda pulogalamu ikakhala ya tsamba limodzi. Ikafika masamba makumi awiri, ndipo anthu atatu akulembamo, palibenso amene amadziwa kuti wakhudza L ndani. Pabwalo uzisiyapo zokhazo zimene nyumba yonse ikuzifunadi, ndipo uzilembe ndemanga pambali pake kunena amene ali ndi chilolezo chozisintha. Dzina lililonse lizidziwika kwawo. Ndabwerezanso, ndipo ndibwerezanso ngakhale utope.

Pali nkhani ina imene ndakhala ndikuizungulira kuyambira tsamba loyamba. Ndanola pensulo kawiri, ndapita kukaona mpopi umene sukudontha. Amayi ako sakuidziwa, ndipo iwe ndiwe woyamba kuimva.

Dziko litangolandira ufulu, anandikweza kuchoka pa ukalaliki n'kundiika m'chipinda cha kompyuta. Ndinali munthu wakuda woyamba kukhala pampando umenewo, mwana wa munthu wa ku Dedza amene anabwera kuno wapansi kudzathyola fodya m'mafamu. Ena mwa mabwana ankadikira tsiku limene ndidzagwe. Amayi ako anali ndi pakati pa mlongo wako, ndipo nyumba ino tinali titangoilowa, makoma asanapakidwe. Anandituma pulogalamu yotulutsa miyeso ya maovolosi a anthu a mumgodi, pepala lake lizipita kuchipinda chodulira. Inali BASIC ija yopanda zipinda. Utali wa mwendo ndinautcha L. M'kagawo kowerengera mkono ndinagwiritsanso ntchito L, chilembo chomwechi chimene walakwitsa nacho iwe.

Mkulu wa odula masiku amenewo anali Che Asani. Sunadziwe kuti anagwirapo ntchito kufakitale kwathu, chifukwa sindinakuuzepo. Anakwera masitepe pepala lili m'manja, choko kukhutu, anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula, ndipo anati, "A Mwale, pepani. Miyendo iyi ndi ya ana asukulu, si ya anthu a mumgodi. Taonaninso." Kumbuyo kwanga kunali kutaima bwana wina akumwa khofi. Ndikadati ndione, bwanayo akadamva kuti ndikukayika ntchito yanga. Ndinayankha osatembenuka n'komwe. Ndinati, "Kompyuta silakwitsa, Che Asani. Kaduleni."

Anakadula. Maovolosi anasokedwa, anapita kumgodi, ndipo anabwezedwa onse, miyendo yake italekeza m'akatumba. Tsiku lomwe anabwezedwa ndinakhala pansi ndi pensulo, ndipo cholakwa ndinachipeza msangamsanga monga ndapezera chako. Ndinasintha dzina, ndinasindikiza pepala latsopano lolondola, ndinatsika kuchipinda chodulira nthawi ya chakudya cha masana kulibe munthu, ndinachotsa pepala lakale pamsomali n'kupachikapo latsopano. Pa mlandu mabwana anayerekeza pepala la pamsomali ndi maovolosi. Pepala linali lolondola, maovolosi anali olakwika. Che Asani anati, "Pepala silinali ili." Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pazenera. Lachisanu lake anawachotsa ntchito, munthu amene anadula nsalu m'fakitale imeneyo kuyambira ine ndili pasukulu.

Anakayamba kusoka pakhonde ku Makoni ndi makina opalasa ndi phazi. Anayambira pa zigamba ndi mazipi. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akumanga dzina lake pakhonde limenelo, mpaka lero akwati amamufuna, masukulu amamufuna, ndipo mpingo wa Akhristu unamukhulupirira ndi nsalu yake ngakhale iye amapemphera kumzikiti. Dzina limenelo ndilo lokha ali nalo. Alibe penshoni, alibe munda kuno, ndipo kwawo ku Mangochi anachokako ali mnyamata. Mawa amayi a kwaya akakamutayira masiketi pamakina, msika wonse ukuonerera, akunena kuti wanyoza Akhristu mwadala, pakhonde paja sadzakhalanso. Ukudziwa mmene nkhani yotere imayendera m'Chitungwiza muno. Isanafike nthawi ya chakudya idzakhala itafika ku Nyatsime, ndipo pofika kumeneko idzakhala ya Asilamu onse.

Makabudula ako onse a ku sekondale anasoka ndi Che Asani. Ndinkakutengera kumeneko ndikudziuza kuti ndikuwathandiza. Ankandilonjera bwino nthawi zonse. "A Mwale, kompyuta ikuyenda?" Ine ndinkati ikuyenda. Sindikudziwa ngati funsolo linali moni chabe. Mathalauza awiri amene ali m'thiranki lako, amene ukukavala ku koleji, asoka ndi iwo mwezi wathawu, ndipo anakuyeza okha ndi tepi yawo. Tayang'ana ngati mwendo wake waperewera.

Tsopano wamva chifukwa chimene yankho lako linandipwetekera amayi ako atandiuza. Mawu aja sunawapeke. Unawamva kwa ine, m'nyumba muno. Ndakhala ndikuwanena pathebulo, kwa alendo, kwa amalume ako akamandifunsa za ntchito yanga, ndipo ndinkawanena mokweza chifukwa ndinkadziwa chimene ndinabisa pansi pake. Iwe unawatola monga mwana amatolera kayendedwe ka bambo ake, n'kukawanena kwa munthu yemweyo, pa chilembo chomwecho. Ndakwiya nawe, Limbani, koma theka la mkwiyowu ndi langa, ndipo sindikudziwa pouika.

Kompyuta silakwitsa, zimenezo n'zoona, koma n'zoona zopanda ntchito. Imachita chimene waiuza, ndipo iwe ndi ine timaiuza zopusa. Pepala lotuluka m'makina limaoneka loyera, manambala ali pamzere, ndipo munthu amene sanapite ku koleji amaopa kulitsutsa. Akalimba mtima n'kukwera masitepe kudzakuuza kuti nambala iyi si yoona, udzaimirire, udzamupatse mpando wako, udzatenge pensulo. Iye amadziwa nsalu kuposa iwe. Ku Bulawayo ukaphunzira zinthu zimene ine sindidzazidziwa, ndipo ukadzamaliza mapepala ako azidzapita kwa anthu amene sudzawaona, odula, oyeza mankhwala, oyendetsa sitima. Usadzanenenso mawu aja kwa munthu, m'Chishona, m'Chichewa kapena m'Chingerezi.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuopa Mayi Nyirenda, ndipo sindikukunena, pakamwa pawo ndimapaopa inenso. Ukuopa kuti atsikana a kwaya ya achinyamata amene ankakutcha katswiri wa kompyuta adzaseka. Ukuwerengera kuti mawa madzulo ukhala m'sitima, ndipo podzabwera pa tchuthi nkhani idzakhala itazizira. Inenso ndinawerengera choncho. Nkhaniyo inaziziradi kwa anthu ena onse, koma ine ndakhala nayo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikamakwera basi ku Makoni ndimakhala mbali imene sindionako khonde lija. Pulogalamu iliyonse ndimaiyenda katatu, anzanga kuntchito amanditcha nkhalamba ya pensulo, ndipo amaganiza kuti ndi khalidwe langa lobadwa nalo.

M'mawa uno ndinatenga tikiti yako ya sitima pa kabati n'kuiika m'thumba la jekete langa. Ndinati sindikupatsa mpaka ukaulule. Ndakhala nayo m'tchalitchi monse, ndikuigwiragwira nthawi ya ulaliki. Koma ndaona kuti kukukakamiza ndi tikiti n'kukuphunzitsa kuti choona chimanenedwa munthu akakugwira pakhosi, ndipo ine amene palibe anandigwira pakhosi ndinakhala chete. Tikiti yako ili mu envulopu muno. Ndi yako. Malo ako ku koleji unawapeza ndi mutu wako, ndipo palibe adzakulanda.

Mu envulopu muno mulinso pepala la pulogalamu yako. Mzere wolakwa ndauzunguliza ndi pensulo yofiira koma sindinaukonze. Ukonze wekha, ndi dzanja lako.

Pepala lachitatu sindinaliike. Ndi lakale lija la maovolosi, limene ndinachotsa pamsomali. Sindinalitaye, ukudziwa kuti ine sinditaya pepala. Lakhala m'bokosi la masatifiketi anga, pansi pa satifiketi ya ku koleji, ndipo bowo la msomali likuonekabe, ndi chala cha choko cha Che Asani pakona pake. Ndalitulutsa masana ano. Lili m'thumba limene munali tikiti yako.

Amayi a kwaya agwirizana kukumana pa sitolo ija 8 koloko. Che Asani amatsegula makina 7 koloko. Ndauza mnzanga wa kuntchito kuti akanene kuti ndichedwa. Ndikanyamuka pano hafu pasiti sikisi, wapansi, ndipo ndikakawapatsa pepala lawo ndi kuwauza chimene ndinachita, amayi asanafike. Chimene akandiyankhe sindikuchidziwa. Akhoza kundithamangitsa pakhondepo, ndipo akatero sakhala atalakwa. Kenaka ndikaima pambali pa makina awo kudikira Mayi Nyirenda. Za masiketi ndikhoza kuwafotokozera ndekha, koma iwo akati bambo akuikira kumbuyo telala, kapena akati mwana analakwa pang'ono ndipo wodula akadaona. Chimene chingatseke pakamwa pawo ndi mwini pepala ataima pamenepo, akunena kuti Che Asani anandichenjeza ine n'kukana kumva. Mawu amenewo ndi ako, ine sindingakunenere.

Thiranki lako ndalimanga kale ndi chingwe, ndipo bulangete lachiwiri lili pansi pa mabuku. Mankhwala a chifuwa ali m'sokosi yakuda. Ukafika ulembe kalata, amayi ako sadzagona mpaka ataiona.

Sindidzakudzutsa. Ndikafika pageti ndidzaima kumanga zingwe za nsapato, ndipo ndidzazimanga pang'onopang'ono. Ukabwera, umasule thiranki, uvale imodzi mwa mathalauza aja, ndipo utenge tepi ya amayi ako m'dilowa, chifukwa pali masiketi a kwaya yonse oti ayezedwenso.

Ndine bambo ako,
W. Mwale